Gaumont Palace ya ku Lewisham: holo ya kanema imene inagwa chifukwa cha kukula kwake

Munthu akatsika sitima pa siteshoni ya Lewisham, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa London, n'kutulukira mumsewu wa Loampit Vale, amakumana ndi nyumba zitalizitali zogonamo anthu, mabasi ofiira ondondozana ndi chipwirikiti cha anthu othamangira ku ntchito. Sangaone ngakhale njerwa imodzi ya nyumba imene inaima pamenepo kwa zaka pafupifupi 60, yomwe inkameza anthu 3,050 nthawi imodzi n'kuwalavula usiku ali kuseka kapena kupukuta misozi. Inatsegulidwa pa 12 Disembala 1932 ndi dzina lakuti Gaumont Palace. Ambiri amene akuikumbukira lero amaitchula kuti Lewisham Odeon. Inatsekedwa mu Febuluwale 1981, ndipo inagwetsedwa mu 1991.

Nkhani ya nyumba ngati imeneyi anthu amakonda kuifupikitsa kuti wailesi yakanema inabwera, anthu anasiya kupita kukaonera mafilimu, basi. Zimenezo n'zoona, koma sizifotokoza chifukwa chimene anzake ena a msinkhu womwewo mu London alipobe mpaka lero pamene iyoyo kulibe. Ine ndikuona kuti zinthu ziwiri zimene zinaipatsa ulemerero, ndizo kukula kwake ndi malo amene inamangidwa, n'zomwenso zinaipha.

Chifukwa chake inamangidwa kunja kwa mzinda

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mafilimu ku Britain ankaonetsedwa m'timaholo tating'ono, m'mashopu osinthidwa ndi m'matenti a pa zionetsero. Anali opanda mawu. Woimba piyano ankakhala kutsogolo n'kumatsatira zochitika pa chinsalu. Zinthu zinatembenuka kuyambira mu 1927, pamene ku America kunatuluka The Jazz Singer, filimu imene inatchukitsa mafilimu olankhula. Holo yakale sinkamveka bwino mawu, ndipo makina atsopanowo anali odula. Eni ndalama anaona kuti kuli bwino kumanga zatsopano zikuluzikulu kusiyana n'kumatamata zigamba pa zakale.

Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya Britain inakhazikitsa lamulo lokakamiza maholo kuonetsa gawo lina la mafilimu opangidwa m'dzikomo, pofuna kuchepetsa mphamvu ya Hollywood. Lamulo limeneli linalimbikitsa makampani amene ankapanga mafilimu, kuwagawa ndi kuwaonetsa okha. Imodzi mwa makampani oterowo inali Gaumont-British. Dzinalo linachokera kwa Léon Gaumont wa ku France, koma pofika nthawi imeneyi kampani ya ku Britain inali itaima payokha, m'manja mwa abale a banja la Ostrer. Mu 1929 inameza kampani ina ya maholo, Provincial Cinematograph Theatres, ndipo pamodzi ndi maholowo inatenganso katswiri wake wojambula mapulani a nyumba, William Edward Trent. Iyeyu ndiye anajambula Gaumont Palace ya ku Lewisham.

Nanga n'chifukwa chiyani anasankha Lewisham osati pakati pa London? Anthu anali atasamuka. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, khonsolo ya London inamanga midzi yatsopano yoti ichotse mabanja m'malo othithikana a m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Midzi iwiri ikuluikulu, Bellingham ndi Downham, inamangidwa m'zaka za m'ma 1920 kum'mwera kwa Lewisham. Njanji zodutsa m'derali zinaikidwa magetsi m'zaka zomwezo, ndipo matiramu, sitima zoyenda mumsewu zija, ankakumana pakati pa Lewisham kuchokera mbali zosiyanasiyana. Panalinso msika ndi masitolo akuluakulu. Amene anasankha malo a ku Loampit Vale sanalakwitse: anaika khomo la holo pamene misewu, njanji ndi mapazi a anthu zinkakumana kale.

Art deco ndi chiyani, ndipo inkagulitsa chiyani

Mamangidwe a holoyi ndi amene lero timawatcha art deco, koma dzina limeneli anthu a mu 1932 sankaligwiritsa ntchito. Linachokera ku chionetsero chachikulu cha luso lokongoletsa chimene chinachitika ku Paris mu 1925, koma linafala mochedwa, makamaka wolemba mbiri Bevis Hillier atalitchukitsa mu 1968. Pa nthawiyo ankangoti ndi mamangidwe amakono.

Chizindikiro chake ndi mizere. M'malo mwa maluwa osemedwa, angelo ndi zipilala zotengera nyumba zakale za Agiriki ndi Aroma, omanga anayamba kukonda mizere yowongoka yoyenda limodzi, makona okwera ngati masitepe, zojambula zooneka ngati cheza cha dzuwa lotuluka, zitsulo zonyezimira ndi magalasi. Magetsi ankabisidwa m'ngalande za pulasitala kuti kuwala kuzioneka ngati kukutuluka m'khoma momwemo, ndipo m'maholo ena mtundu wa kuwalako unkasintha pang'onopang'ono filimu isanayambe. Ena anabwereka za ku Iguputo manda a Tutankhamun atapezeka mu 1922. Holo ya Carlton ku Islington, yomangidwa mu 1930, khomo lake lili ngati la kachisi wa Afarao mpaka lero. Ena anatengera maonekedwe a sitima zapamadzi zonyamula anthu.

Kukongola kumeneku kunali gawo la malonda. Tiganizire nyumba imene wogula tikiti ankachokera. Mabanja ambiri ogwira ntchito ankasonkha moto wamalasha m'chipinda chimodzi chokha, kwina konse kuli zii ndi chisanu. M'nyumba zakale zambiri chimbudzi chinali panja, ndipo bafa linali beseni lachitsulo loikidwa pafupi ndi moto. Munthu wotero, ndi mapeni 6 kapena sheleni imodzi, ankalowa pakhomo lotseguliridwa ndi mlonda wovala yunifolomu, kuponda kapeti wofewa, kulondoleredwa ku mpando ndi mtsikana wonyamula tochi, n'kukhala malo ofunda kwa maola atatu kapena kuposa. N'chifukwa chake mawu akuti Palace, kutanthauza nyumba yachifumu, anali m'dzina lenilenilo. Kwa ine ichi ndicho chinthu chachikulu pa maholo amenewa: ulemu umene m'mbuyomo unkagulidwa ndi olemera okha unatsitsidwa mtengo mpaka kalaliki, wosoka zovala ndi mayi wapakhomo anaufikira. Amayi makamaka anapeza malo amene akanatha kupita okha kapena ndi anzawo popanda wowanena, zimene sizinali choncho kumalo omwera mowa.

Tikiti sinkagula filimu imodzi. Pa tsiku lotsegulira, ku Lewisham anaonetsa Westward Passage ya ku America ndi The Midshipmaid ya ku Britain, momwe munali Jessie Matthews, mmodzi mwa akatswiri a kampani ya Gaumont-British yomweyo. Umo ndi mmene ndondomeko inkakhalira m'maholo otere: mafilimu awiri, pakati pake nkhani za m'dziko zojambulidwa sabata imeneyo, nthawi zina ovina, oimba kapena anthabwala pa siteji, ndiponso limba. Limba la m'kanema silinali ngati la kutchalitchi. Ku Lewisham linali la kampani ya Compton, ndipo malimba a mtundu umenewu ankatha kutsanzira zitoliro, ng'oma ndi mabelu, munthu mmodzi n'kumamveka ngati gulu lathunthu. Zionetsero zinkangozungulira kuyambira masana mpaka usiku. Munthu ankalowa nthawi imene wafika, ngakhale filimu ili pakati, n'kudzatuluka ikafikanso pamene anaipeza.

Siteji ija, imene inamangidwa chifukwa cha ovina ndi anthabwala a m'ma 1930, tiisunge m'mutu. Idzabweranso.

Nkhondo, kenako pachimake

Nkhondo yachiwiri itayamba mu Seputembala 1939, boma linatseka maholo onse poopa kuti bomba limodzi lingaphe anthu zikwi. Pasanathe masabata ochepa linawatsegulanso, litaona kuti anthu akufunika pothawira maganizo komanso poonera nkhani za kunkhondo. Lewisham inamenyedwa kwambiri. Pa 28 Julayi 1944 bomba louluka la V-1 linagwera pamsika, kamtunda kochepa kuchokera pa holoyi, n'kupha anthu oposa 50. Holo inapulumuka nkhondo.

M'kati mwa nkhondomo umwini unasintha. Mu 1941 J. Arthur Rank, mwana wa mwini zigayo za ufa wa tirigu yemwenso anali Mkhristu wolimbikira wa mpingo wa Methodist, anatenga ulamuliro wa Gaumont-British. Chaka chomwecho Oscar Deutsch, amene anayambitsa maholo a Odeon, anamwalira, ndipo maholowo nawonso anagwera m'manja mwa Rank. Makampani awiri amene ankalimbirana makasitomala mumsewu umodzi anakhala a munthu mmodzi. Poyamba palibe anadandaula, pakuti anthu anali ochuluka kuposa mipando. Mu 1946 ku Britain kunagulidwa matikiti a kanema okwana 1,635 miliyoni, chiwerengero chimene sichinafikidwenso.

Kutsika kwake kunali kwa liwiro. Mu 1953 anthu oposa 20 miliyoni anaonera pa wailesi yakanema mwambo woveka ufumu Elizabeth II, ambiri atadzazana m'nyumba za anansi amene anali nayo. Mu 1955 inayamba wailesi yakanema ya ITV, yoyendera ndalama za otsatsa malonda, yodzaza ndi masewero ndi mipikisano yokomera anthu omwewo amene ankadzaza maholo. Nyumba za anthu nazo zinayamba kukhala zofunda ndi zabwinoko, kotero kuti kapeti wa ku Gaumont sanalinso chodabwitsa. Pamwamba pa izo panali msonkho wa zosangalatsa umene boma linkadula pa tikiti iliyonse kuyambira mu 1916. Pamene linkauchotsa mu 1960, maholo mazanamazana anali atatsekedwa kale. Chaka chimenecho matikiti anali atatsikira pa 500 miliyoni. Ngakhale matiramu amene ankatula anthu pakhomo anali atachotsedwa mu London yense mu 1952.

Rank, pokhala ndi Gaumont ndi Odeon m'tauni imodzi, anayamba kutseka imodzi n'kusiya inzake, ndipo dzina la Gaumont analifafaniza pang'onopang'ono. Ku Lewisham mpata unapezeka mu 1962, moto utawononga m'kati mwa holo. Itakonzedwa, inatsegulidwanso chaka chomwecho ndi dzina la Odeon.

Moyo wachiwiri

Apa ndi pamene siteji ija inabwerera. Pa nthawi imene mafilimu ankalephera kudzaza mipando, nyimbo za achinyamata zinali kusowa malo. Mabwalo akuluakulu a nyimbo amene tikuwadziwa lero kunalibe. Okonza zoimbaimba ankasonkhanitsa magulu asanu kapena asanu ndi limodzi, kuwakweza basi imodzi n'kumazungulira dziko, usiku uliwonse tauni ina, zionetsero ziwiri pa usiku, gulu lililonse mphindi zochepa. Malo oyenera anali maholo a kanema a m'ma 1930: siteji ilipo, zipinda zovalira zilipo, mipando zikwi, ndiponso ali pafupi ndi siteshoni.

Chaka cha 1963 chokha chikuonetsa mmene zinthu zinkathamangira. Pa 29 Malichi anyamata a gulu la The Beatles anaimba ku Lewisham Odeon pa ulendo umene mayina akuluakulu pa chikwangwani anali a oimba awiri a ku America, Tommy Roe ndi Chris Montez. Pa 8 Disembala anabweranso, tsopano ulendo uli wawo, dziko lonse likuwakuwira. M'zaka zotsatira pa siteji imeneyi panadutsa The Rolling Stones, David Bowie mu 1973, Wings ndi Queen onse mu Disembala 1979, ndi The Clash. The Who anaimbapo mu Febuluwale 1981, kutangotsala masiku ochepa kuti zitseko zitsekedwe.

Tsono pali mibadwo iwiri imene nyumbayi ikutanthauza zinthu zosiyana. Kwa agogo inali malo a limba, mafilimu awiri ndi chibwenzi cha pa mipando yakumbuyo. Kwa ana awo inali malo amene anaona ndi maso oimba amene ankangowamvera pa wailesi, osakwera sitima kupita pakati pa mzinda. Kwa zaka pafupifupi 20, kukula kumene kunali katundu pa masiku a filimu kunali chuma pa usiku wa nyimbo.

Mutu waukulu sulewa nkhonya

Vuto n'lakuti usiku wa nyimbo unkabwera mwa apo ndi apo, pamene denga, magetsi, makina otenthetsa ndi malipiro a antchito zinkafuna ndalama tsiku lililonse. Kutenthetsa holo ya anthu pafupifupi 3,000 kuti muonere anthu ochepa Lachiwiri masana ndi kutaya ndalama, ndipo mafuta atakwera mtengo kuyambira mu 1973 kutayako kunakula.

Maholo ena anapeza njira zothawira, ndipo n'zothandiza kuziona chifukwa zikusonyeza chimene chinasowa ku Lewisham. Yoyamba inali bingo. Lamulo la mu 1960 litamasula juga ya mtundu umenewu, maholo ambiri anachotsa makina a filimu n'kuika matebulo. Anthu okonda nyumba zakale ankanyansidwa nazo, koma bingo ndi imene inasunga denga la Granada ya ku Tooting, yomwe lero ili m'gulu lapamwamba kwambiri la nyumba zotetezedwa ndi boma. Yachiwiri inali kugawa. M'zaka za m'ma 1970 makampani ankamanga khoma pansi pa khonde la mipando yam'mwamba, n'kupanga timaholo tiwiri pansi, khonde lija n'kukhala holo yachitatu. Mafilimu atatu pa denga limodzi ankakoka anthu ambiri kuposa imodzi. Koma holo ikagawidwa chotero ndiye kuti nyimbo zatha, pakuti mipando yapansi yaduka. Lewisham inakhalabe holo imodzi mpaka kutsekedwa kwake. Njira yachitatu inali kusiyiratu mafilimu n'kukhala nyumba ya nyimbo. Ndi mmene inapulumukira mnzake wobadwa chaka chimodzi, Gaumont Palace ya ku Hammersmith, yomwe lero ndi Apollo, komanso Astoria ya ku Brixton, yomwe inasanduka Brixton Academy. Awiriwa ali pafupi ndi masiteshoni a sitima zapansi panthaka, zimene zimanyamula anthu kuchokera mbali zonse za London mpaka usiku. Ku Lewisham sitima zimenezo sizifikako. Ndikukhulupirira kuti kusiyana kumeneku kunalemera kwambiri pa sikelo.

Panadzabwera njira yachinayi, koma mochedwa: mipingo. Amene anapempherapo ku London angakhale atalowa m'holo yotere osadziwa. Gaumont State ya ku Kilburn, ya mipando 4,004, Astoria ya ku Finsbury Park, ndi maholo awiri oyang'anizana a ku Woolwich, Granada ndi Odeon, onse anasanduka matchalitchi, ena mwa iwo a mipingo yoyambitsidwa ndi anthu ochokera ku Africa. Mpingo waukulu umafuna zomwezo zimene Trent ndi anzake anajambula: mipando zikwi yoyang'ana kutsogolo, siteji, ndi mawu omveka mpaka kumbuyo. Koma mipingo inayamba kugula nyumba zimenezi kwambiri kuyambira m'ma 1990, Lewisham Odeon ili kale fumbi.

Pamene inkatsekedwa mu 1981, makina oonera mavidiyo kunyumba anali atayamba kulowa m'makomo, ndipo matikiti anali kulowera ku chiwerengero chotsikitsitsa cha 54 miliyoni cha mu 1984. Kuchoka pa 1,635 miliyoni kufika pamenepo, ndiye kuti pa matikiti 30 alionse a mu 1946 panatsala imodzi.

Lamulo linachedwa

Ku England nyumba imatetezedwa ikalembedwa m'kaundula wa boma wa nyumba za mbiri. Ikalowa mmenemo, mwini wake sangaigwetse popanda chilolezo chapadera. Kwa nthawi yaitali akatswiri oyang'anira kaundulayu ankaona maholo a kanema ngati zinthu zotchipa zokometsera malonda, zosayenera kuikidwa pamodzi ndi matchalitchi ndi nyumba za mafumu. Amene anayamba kutsutsa maganizo amenewa anali anthu wamba okonda nyumbazi. Bungwe la Cinema Theatre Association linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo la Thirties Society mu 1979. Chimene chinagwedeza boma chinachitika mu Ogasiti 1980, pamene fakitale ya matayala ya Firestone kumadzulo kwa London, imodzi mwa nyumba zokongola kwambiri za art deco m'dzikomo, inagwetsedwa pa mapeto a sabata a tchuthi, kutangotsala pang'ono kuti ilembedwe. Mkwiyo wa anthu unachititsa nduna Michael Heseltine kulowetsa m'kaundula nyumba zambiri za pakati pa nkhondo ziwiri zija.

Lewisham Odeon inatsekedwa patangopita miyezi 6 chichitikireni zimenezo, komabe chitetezo chotero sichinaifikire. Inakhala yotseka zaka 10. Nyumba yaikulu yopanda anthu siichedwa kuwola: ngalande za padenga zikatsekeka madzi amalowa, pulasitala amafufuma n'kugwa, nkhunda ndi akuba zitsulo amamaliza zotsala. Chaka chilichonse chodutsa chimakweza mtengo woikonza, ndipo chimapatsa mphamvu amene akunena kuti palibenso choti n'kupulumutsa. Izi zimandipweteka kuposa kugwetsa kwenikweniko, chifukwa zaka 10 ndi nthawi yokwanira kupeza ntchito ina ya nyumba, pakanakhala wofuna.

Wofuna malowo analipo, koma sankafuna nyumba. Mphambano ija imene inakopa a Gaumont-British mu 1932 tsopano inali yodzaza magalimoto, ndipo okonza misewu ankafuna kupatutsa magalimotowo kuti asamadutse pakati pa msika ndi masitolo. Holo inali pa njira yawo. Mu 1991 akatapila anafika, ndipo derali linakonzedwanso ndi misewu yotakata ndi raundabauti yaikulu pafupi ndi siteshoni.

Patadutsa zaka 8, mu 1999, njanji ya Docklands Light Railway inafika ku Lewisham, kulumikiza derali ndi Greenwich ndi Canary Wharf. Sitima zake zimaima mamita ochepa kuchokera pamene panali holo. Mu 2001 holo ya ABC ku Catford inatsekedwa, ndipo dera lonse la khonsolo ya Lewisham, la anthu pafupifupi 250,000, linakhala zaka zambiri lopanda holo ya kanema yogulitsa matikiti tsiku ndi tsiku. Raundabauti ija nayo sinakhalitse. M'zaka za m'ma 2010 inafumulidwa pansi pa ntchito yomanga ya Lewisham Gateway, misewu inakhotetsedwanso, ndipo pamalopo panamera nyumba zitalizitali ndi kapaki kakang'ono pamene timitsinje ta Quaggy ndi Ravensbourne timakumana.